Southgate anasewera mpira, achimwene, musamunyoze choncho

Achimwene, mwafunsa kuti kodi Gareth Southgate anamenyako chikopa, kapena England inangotola munthu wa mu ofesi n'kumupatsa timu. Ndaona ena akuyankha kuti "ameneyo sadziwa mpira." Ayi, pamenepo mukumulakwira.

Mkuluyu anali wotchinga kumbuyo, ndipo timu ya dziko lake anaisewerera masewero 57. Anayambira ku Crystal Palace, komwe anavala lamba wa ukaputeni adakali mnyamata, ndipo mu 1994 anaikweza timuyo kulowa mu Premier League. Mu 1995 anapita ku Aston Villa n'kukatenga League Cup chaka chotsatira. Ku Middlesbrough, komwe anafika mu 2001, ndiye kaputeni amene ananyamula League Cup ya 2004 atagonjetsa Bolton 2-1, chikho chachikulu choyamba m'mbiri ya timuyo. Mu 2006 anafikanso mu fainolo ya UEFA Cup, kungoti Sevilla inawaswa 4-0.

Koma zonsezi anthu sakumbukira. Chimene chinamumatirira ndi penate imodzi. Euro 96, semifainolo ndi Germany pa Wembley, anzake asanu onse agoletsa, iye wachisanu ndi chimodzi. Anamenya mpira wofooka, goloboyi Andreas Köpke n'kuutchinga. England kunja, pakwawo pomwe.

Ine ndimati uphunzitsi wake wonse unachokera pa tsiku limenelo. Chiyambi chake sichinali chokoma: Middlesbrough inamupatsa timu mu 2006 atangovula jombo, alibe n'komwe pepala lapamwamba la uphunzitsi la Pro Licence, ndipo mu 2009 timu inatuluka mu ligi, iye n'kuchotsedwa ntchito. Anadzabwerera kudzera ku timu ya achisodzera ya England mu 2013, kenako mu 2016 anatenga timu yaikulu Sam Allardyce atachoka atangotsogolera sewero limodzi lokha.

Chimene anasintha ndi mantha. Osewera a England kale ankavala jezi ija ngati asenza thumba la simenti. Iye ankaudziwa ululu wake, choncho mapenate anawatenga ngati ntchito yoikonzekera, osasiyira mwayi. Mu 2018 anatulutsa Colombia pa mapenate, koyamba England kupambana motero pa World Cup. Anyamata ake akusangalala, iye ndi wesikoti yake ija anapita kukakumbatira Mateus Uribe, wa Colombia amene anaphonya. Amene sanaphonyepo sangaganize zimenezo.

Tsono apa ndi pamene ine ndimakwiya naye. Timu ikatsogola, mtima wa wotchinga kumbuyo umamubwerera. Mu semifainolo ya World Cup ndi Croatia mu 2018, Trippier anagoletsa pa mphindi 5, koma England inagonja 2-1. Fainolo ya Euro ndi Italy mu 2021 ndinaonera pa grosale ina kwathu kuno, tathithikana pa benchi, jenereta ikulira panja. Shaw anachinya pa mphindi 2, mnzanga wina mpaka anataya botolo la Fanta pa thalauza langa. Kuchokera pamenepo England inangobwerera m'mbuyo ngati ikudikira mvula, Italy n'kubweza. Kenako analowetsa Rashford ndi Sancho kutatsala mphindi imodzi kapena ziwiri kuti akamenye mapenate miyendo isanatenthe, ya kumapeto n'kupatsa Saka wa zaka 19. Onse atatu anaphonya. Munthu amene anadutsa m'moto womwewo, ndinadabwa naye kwambiri, ngakhale kuti mlandu anauvomera yekha.

Mu 2022 France inawatulutsa mu kotafainolo ya World Cup, mu 2024 Spain inawagonjetsa 2-1 mu fainolo ya Euro ku Berlin, ndipo patangopita masiku awiri anatula pansi udindo atatsogolera masewero 102. Chikho sanatenge, n'zoona. Koma chichokereni Alf Ramsey mu 1966, palibe mphunzitsi wina amene anali atafikitsa timu ya amuna ya England mu fainolo, ndipo iye anachita kawiri. Inu a Manchester United amene munkamukana atamveka kuti abwera kwanu, bwerani mutsutse.