Kachizindikiro m'mbali mwa mzere wa tebulo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake kachizindikiro ka chenjezo kakukana kukhala m'mphepete mwa tsamba la pa intaneti, moyang'anizana ndi mzere wa tebulo. Vuto ndi pomwe mwakamangirira. Mu CSS (malamulo okonzera maonekedwe a tsamba), mukaika ::before (kachidutswa kowonjezera konyamula kachizindikiroko) pa tr (mzere wa tebulo), browser imakatenga ngati kabokosi kena ka mzerewo, ndiye mabokosi onse amasunthira kumanja. Float (yokankhira chinthu kumbali) nayonso siithandiza, imangokhala m'kabokosi momwemo.

Kamangirireni pa td yoyamba (kabokosi koyamba ka mzerewo). Ipatseni position: relative, kenako ::before yake ikhale ndi position: absolute ndi left: -2em. Mukatero kamatulukira kunja koma kamatsatabe mzere wake, kaya tebulo litalike bwanji. Musaiwale content (momwe mumalembamo kachizindikiroko) mu ::before, popanda iyo sipaoneka kanthu.

Tebulolo lipatseninso margin-left (mpata wa kumanzere) yokwanira, ndipo chimene chalikuta chisakhale ndi overflow: hidden, apo ayi kachizindikiroko kadulidwa.