Joni mpaka Lilongwe, maola awiri ndi theka ake ati?

Achemwali, mwafunsa ngati ndege yochoka ku Joni kupita ku Lilongwe imatengadi maola awiri ndi theka. Maola amene akuuzaniwo ndi oona, koma pokhapokha ndege yake ikhale ya dairekiti. Kuchoka pa eyapoti ya OR Tambo ku Joni kukatera pa KIA, eyapoti ya Lilongwe ku Lumbadzi, ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo nthawi ya Joni ndi ya kumudzi ndi imodzimodzi, simusintha wotchi. Koma yang'anani tikitiyo ndi maso anu awiri, chifukwa ine zinandiwotcha ndipo mpaka lero ndikaziganiza mtima umawawa.

Bambo anga atatisiya ku Ntcheu, uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa ndili kuntchito, maliro akuti kuika Lachitatu. Mutu sunkagwira. Ndinathamangira kwa mkulu wina wogulitsa matikiti, Mmalawi mnzathu ndithu, uja amati "sisi musadandaule, ndikupezerani yotchipa." Ndinamufunsa kawiri ngati ndikagone kwathu tsiku lomwelo, iye eya. Ndalama ndinapereka. Ndafika pa eyapoti, mtsikana wa pa kauntala akundipatsa mapepala awiri, loyamba lalembedwa Nairobi. Nairobi! Ndiye kuti maola anayi m'mwamba, kudumpha Malawi yense, makilomita pafupifupi 2,900, kuti mawa lake ndibwererenso kummwera maola ena awiri. Ndikumuimbira mkulu uja, foni ingoitana. Kenako anathimitsa.

Usiku umenewo pa eyapoti ya Nairobi sindidzauiwala. Ndinavala kadiresi kakuda ndi masilipasi, chitenje ndinachiika m'chikwama chachikulu chimene chinali kale kunsi kwa ndege. Kuzizira kwake pa mipando yachitsulo ija, ndinachita kulowetsa manja m'khwapa. Foni inatha moto, chaja m'chikwama momwemo. Ndalama ndinali nazo marandi okha, tiyi ndinangomuyang'ana. Mayi wina wa ku Zambia ndiye anandigawira mabisiketi atandiona ndikulira kuchimbudzi. Komanso kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi, ine wotchi ili pa nthawi ya Joni, ndinadzidzimuka akuitana dzina langa, anthu atakwera kale.

Tinatera ku Lumbadzi dzuwa litakwera, chikwama chinatuluka chomalizira, ndiye muwerengere kudutsa m'tauni, Dedza, mpaka Ntcheu pa M1, maola atatu kapena kuposa. Ndinafika anthu akuchokera kumanda, adzukulu akutsuka makasu. Nkhope ya bambo anga sindinaione. Azakhali mpaka pano amandinena kuti ndinachedwa dala, ati a ku Joni ndi onyada. Mkulu uja ndinakumana naye ku tchalitchi patapita miyezi, akuti "koma munafika bwinobwino eti?" Manyazi alibe munthu ameneyu, ndipo akugulitsabe matikiti.

Ndiye inu gulani nokha, ndipo muone ngati palembedwa kuti ndege iima penapake. Ina imayamba yatera ku Chileka isanapitirire ku Lilongwe, imeneyo si vuto kwenikweni, imangowonjezera nthawi pang'ono. Chaja ndi juzi zikhale m'kachikwama ka m'manja. Ma ejenti musawakhulupirire, ngakhale ine panopa ndimagulabe matikiti kwa mayi wina, iyeyu ndiye ndi wachilungamo, mukafuna ndiuzeni ku inbox. Ndipo kunena zoona ngati simukuthamangira maliro ndipo ya ku Nairobi yatsika mtengo kwambiri, ingokwerani, bola kuposa masiku awiri a m'basi ndi mzere wa pa Beitbridge uja.