Musamulande mawayawo, mugulireni kope

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe walemba modandaula. Mwana wawo ali mu Sitandade 7, ndipo aphunzitsi a Expressive Arts anawaika m'magulu kuti apange chidole choyenda. Kuyambira tsikulo mnyamatayo amangokhalira kupinda mawaya kuseri kwa nyumba. "Mayeso a PSLCE ndi chaka chamawa, ine ndikufuna adzakhale injiniya. Ndimulande?"

Mayi, makalata otere ndimalandira pafupipafupi, ndipo amanditopetsa. Injiniya mukumufunayo, mukuganiza amayambira pati?

Tayang'anitsitsani galimoto ya mawayayo. Matayala a zitsekerero za mabotolo, mfundo zomangidwa ndi mphira wa chubu, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Kuti matayala akutsogolo azikhota mwana akapotoza dzanja, pamafunika kuganiza kaye. Chomwe ambiri mwa anawa sadziwa n'kukonzekera: amadula waya asanayeze, n'kuwathera pakati, kenaka n'kuyamba kulozana zala.

Apa ndi pamene mulowererepo. Mugulireni kope, mumuuze kuti asakhudze waya asanajambule galimotoyo ndi kulemba miyeso yake ndi rula, m'masentimita. Alembe zonse zofunika, zotola ndi zogula, mitengo yake n'kuwonkhetsa. Alembenso kuti m'gulumo ndani abweretse chiyani, Lachingati, ndipo chiyambe n'chiti, thupi kapena matayala. Tayala likaguluka, musamuseke, musamukonzerenso. Alembe chimene chalakwika. Masamu amene mukuti akuwathawawo awapeza momwemo, ndipo ulendo uno aziwafuna yekha. Aphunzitsi nawonso, chonde, muzichonga kopelo, osangoyamikira chidole chokongola chomwe mwina apanga ndi achimwene ake.

Ndikudziwa ena andiuza za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene pamene anali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opereka magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa, zida za njinga ndi mitengo ya bulugama. Zoona. Koma mumaiwala kuti mnyamatayo ankatha masiku mu laibulale akuyang'anitsitsa zithunzi za m'mabuku a sayansi, ndipo mwayi utapezeka anabwerera kusukulu mpaka kumaliza ku Dartmouth College, yunivesite ya ku America, mu 2014.

Tsono ndinene mosapsatira. Kupinda mawaya pakokha sikulowetsa munthu ku MUBAS, yunivesite ya ku Blantyre yophunzitsa za uinjiniya. Kumeneko amayang'ana Masamu ndi Physics pa MSCE, ndipo malo ndi ochepa. Mwana wanu akhoza osafikako. Akatero, musadzachite manyazi ndi maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, monga a ku Lilongwe Technical College. Wowotcherera zitsulo wodziwa kulemba koteshoni yolondola sasowa makasitomala.

Pakadali pano gwirizanani naye: homuweki choyamba, mawaya Loweruka. Ndipo galimotoyo ikatha, mupemphe akuyendetsereni pabwalo, inu mutagwira kope lija, muone ngati zikufanana.