Kodi olemba mfundo za boma amamukumbukira wosauka?

Mayi wina, mphunzitsi wa ku Ntcheu, wanditumizira imelo iyi: "Tili ndi Mtukula Pakhomo, tili ndi feteleza wotsika mtengo, sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Nanga bwanji osauka a m'mudzi mwathu ndi omwe aja chaka ndi chaka? Kodi olemba mfundo za boma amatiganizira?"

Amayi, amatiganizira ndithu, koma amatiganizira mochedwa, mphika ataupakula kale. Pa pepala wosauka sasowa. Mu 2002 tinali ndi ndondomeko yochepetsa umphawi, mu 2006 kunabwera ndondomeko ya chitukuko cha dziko yotchedwa MGDS, ndipo mu Januwale 2021 anakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063. Komabe kafukufuku wa ofesi ya boma yowerengera anthu wa 2019/2020 anapeza kuti Amalawi 50.7 pa 100 aliwonse ndi osauka.

Mtukula Pakhomo ndimaulemekeza. Unayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 unali utafika m'maboma onse 28. Umasankha mabanja 10 pa 100 aliwonse, osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu woti n'kugwira ntchito: agogo olera ana amasiye, anthu a ulumali, odwala matenda amgonagona. Koma ndalama zake zambiri zimachokera ku Germany, European Union, World Bank ndi Ireland. Kwa zaka zambiri, thumba la boma lathu lakhala likulipirira Thyolo yekha. Chinthu chimene mwini nyumba amachikonda chimaoneka m'bajeti yake.

Tsono taonani zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mchere, sopo, mafuta ophikira, thiransipoti yopitira kuchipatala, zonse zinalumpha. Ndalama ya agogo aja siikwera yokha mitengo ikakwera, imadikira kuti wina aikumbukire. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu, Amayi. Funso loti "agogo a ku Mchinji agula chiyani mwezi wamawa?" limayenera kufunsidwa patebulo lomwelo pamene akukambirana za kwacha, za misonkho, za mtengo wa mafuta a galimoto. Ife tinazolowera kusiyira umphawi unduna woona za chisamaliro cha anthu, pomwe amene amasaukitsa kapena kupepuza munthu ndi a zachuma.

Fetelezanso chimodzimodzi. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankalipira K4,495 pa thumba. Pofika 2022 inali K15,000, kutanthauza K30,000 pa matumba awiri. Wosaukitsitsa alibe ndalama imeneyo mu Novembala, nyumba ilibe ufa, ndiye amagulitsa mwayi wake kwa mavenda n'kupita kukagwira ganyu m'munda mwa wina. Tikamamunena kuti ndi waulesi, timaiwala kuti pulogalamuyo inakonzedwera munthu amene ali ndi kenakake kale m'thumba. Wopanda munda ndiye siimuona n'komwe.

Za sukulu mukuzidziwa kuposa ine. Maphunziro aulere a 1994 anakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma mwana wosamva amene wakhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza, popanda mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja, walowa m'kaundula basi. Lamulo loteteza anthu a ulumali tinali nalo kuyambira 2012, ndipo latsopano linabwera mu 2024. Lamulo silimanga khomo loti njinga ya olumala ilowe, chimamanga ndi ndalama.

Khomo lolankhulira lilipo, ngakhale ndi laling'ono. Kuyambira 1998, mapulani a chitukuko amayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kenako ku khonsolo. Mukapita ku msonkhano wa VDC, yang'anani amene akhala pamipando ndi amene akhala pansi, ndipo funsani ngati wolandira Mtukula Pakhomo, ngakhale mmodzi, wapatsidwa mpata wolankhula. Misonkhano imene nduna ya zachuma imamvera maganizo a anthu bajeti isanalembedwe imachitikira m'mahotela a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Agogo aja alibe ya basi yokafikira kumeneko.