Geni ya maeriyo a CB: yankho kwa achimwene a ku Malangalanga

Achimwene, uthenga wanu ndauona. Mwati madalaivala a mathiraki awiri atatu akhala akukufunsani pa benchi yanu ya matchaja ku Malangalanga ngati mungawapezere eriyo ya wailesi ya CB (wailesi yolankhulirana yomwe imaikidwa m'galimoto), ndiye mukufuna kudziwa komwe timapikula, mmene katunduyu amadutsira pa boda, komanso ngati muli phindu. Ndikuyankhani motalikirapo, poti geni imeneyi inandidyerapo mpamba ndisanaimvetse.

Musapite ku Joni ndi mtima wokadzaza chikwama. Msika wa CB kuno ndi waung'ono. Dalaivala wa lero ali ndi foni ndi WhatsApp, wailesi akufuniranji? Ogula ndi aja oyenda motsatana, mathiraki anayi asanu panjira ya ku Tete kapena ya ku Dar es Salaam, kumene netiweki imangobwera n'kuthawa ndipo kuyimba foni ukawoloka malire kumadya ndalama. Palinso eni mafamu ena ndi anthu a magalimoto oyendera m'tchire. Ine sindioda munthu asanandipatse theka la ndalama. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiponso ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumeneku, katundu wogona pa shelefu miyezi isanu ndi mpamba woikidwa m'manda.

Kasitomala akabwera, musamufunse mtundu wa eriyo yomwe akufuna. Muuzeni akuonetseni wailesiyo, muwerenge zolembedwa kumbuyo kwake. Anthu athu chilichonse cholankhulirana amangoti ovaova, pomwe ndi zinthu zosiyana. Tija tam'manja ta Baofeng tomwe alonda amayenda nato timagwira pa mafunde a VHF ndi UHF, ndipo eriyo yake ndi yaifupi ngati cholembera. CB yeniyeni, monga Cobra, Uniden, President kapena Midland, imagwira pa mafunde a 27 MHz, ndipo zambiri zili ndi matchanelo 40, kuyambira 26.965 mpaka 27.405. Msampha uli ku South Africa. Kumeneko kulinso mawailesi a 29 MHz, okondedwa ndi anthu a magalimoto a m'tchire, ndipo maeriyo ake amaikidwa shelefu imodzi ndi a 27, ofanana ngati mapasa. Ulendo wanga woyamba ndinalowa mu shopu ina ku Johannesburg, ndinangoloza ndi chala, mnyamata anandikulungira asanu ndi atatu. Nditafika kuno onse anali a 29. Eriyo ya 29 ndi yofupikirapo, ndiye poti chitsulo chotalika ungachidule koma chachifupi sungachimeretse, ndinangokhala nawo m'nyumba mpaka mayi akunyumba anayamba kuyanikapo tinsalu.

Za kutalika ndi izi. Funde la 27 MHz ndi lotalika pafupifupi mamita 11, ndipo eriyo yabwino kwambiri pagalimoto ndi yomwe ikukwana gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo. N'chifukwa chake kuli chikwapu chija chachitsulo cha mainchi 102, chomwe ndi mamita 2.6. Palibe eriyo yaifupi yomwe ingachipose, kaya pa paketi alembapo zotani. Vuto ndi loti pamwamba pa thiraki chimakola nthambi za mango, denga la pa filling station ndi mawaya a magetsi. Ndiye anapanga zazifupi, za mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, zomwe waya wotsalawo anaukulunga kukhala koyilo. Zina koyiloyo ili patsinde, zina pakati, zina anaizunguliza pandodo ya faibala, monga za Firestik. Kwa madalaivala a thiraki ine ndimatenga za koyilo pakati kapena za faibala. Za maginito, zokhala ndi koyilo patsinde, ndi za pikapu ndi magalimoto ang'onoang'ono. Tija tatifupi ngati chikhatho tolembedwa mawati zikwizikwi musatiyang'ane n'komwe. Wailesi ya CB wamba imatulutsa mawati 4 okha, ndipo nambala ya pa paketiyo imangonena mphamvu yomwe eriyo ingapirire, osati mtunda womwe mawu angafike.

Kunyamula nako kuli ndi zake. Basi yochokera ku Park Station ku Johannesburg imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako kulowera ku Dedza kapena ku Mwanza, ndipo paboda katundu amatha kutsitsidwa yense n'kupakiridwanso. Eriyo ya faibala ikapsinjidwa ndi thumba la munthu wina imasweka mkati osaonekera kunja. Gulani paipi ya pulasitiki ya madzi, muilowetse mmenemo, mutseke mbali zonse. Zingwe, mabulaketi ndi mapulagi zikhale m'chikwama chanu. Malisiti asungeni, chifukwa a MRA amawerengera msonkho pamtengo womwe munagulira, ndipo wopanda lisiti amamuikira mtengo okha. Musadalirenso dongosolo lija la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Limakhudza katundu wopangidwa m'maiko a chigawo chino amene ali pamndandanda wake, pomwe maeriyo awa amachokera ku China, Italy ndi America.

Eriyo payokha ndi chitsulo chabe, koma tsiku lomwe mudzanyamule wailesi yeniyeniyo mwalowa m'bwalo la MACRA. Malinga ndi lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, iwo ndi amene amayang'anira mafunde komanso kuvomereza zipangizo zotumizira mauthenga zolowa m'dziko muno. Kafunseni musanaode, ndipo kasitomala naye akafunse za chilolezo chake. Woyenda maiko atatu akumbukire kuti dziko lililonse lili ndi malamulo ake pankhaniyi.

Tsopano tifike pomwe pali ndalama. Wogulitsa bokosi amapeza zochepa, n'kutukwanidwa kwambiri. Dalaivala akaimanga yekha molakwika, wailesi n'kupsa, sadzanena kuti ndinalakwitsa ndine. Adzauza anzake onse ku Kanengo kuti mumagulitsa zachinyengo. Ndiye phunzirani kumanga, muzilipiritsa eriyo ndi ntchito pamodzi.

Ndodo mukuionayo ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndi chitsulo cha galimotoyo. Pa pikapu malo abwino ndi pakatikati pa denga, chifukwa chitsulo chimakhala chozungulira mbali zonse ndipo mawu amapita mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaimanga pa bampala yakumbuyo, ndodo itabisala kuseri kwa bodi, mwataya mtunda. Pa thiraki ambiri amamanga pachitsulo cha galasi loonera kumbuyo. Pamenepo onetsetsani kuti koyilo ndi gawo lalikulu la ndodo zapitirira denga, komanso kuti bulaketi ikukhudza chitsulo chenicheni. Palani penti ndi dzimbiri, ndipo ngati galasilo lili pachitseko, ikani kawaya kakafupi kokhuthala kochokera pabulaketi kukafika pa bodi. Mathiraki ena denga ndi mbali zina za kutsogolo ndi za faibala. Amenewo amafuna eriyo yapadera yomwe pa paketi pamalembedwa NGP, ndipo imabwera ndi chingwe chakechake chomwe sichidulidwa. Pansi pa ndodo pamakhalanso kawashala koyera ka pulasitiki. Anyamata a m'magalaji a ku Biwi amakonda kukataya poganiza kuti n'kosafunika, pomwe ndi kamene kamaletsa ndodo kukhudzana ndi bulaketi. Kakasowa, mwapanga shoti.

Chingwe chikhale RG-58 cha 50 ohm ndi pulagi ya PL-259. Chingwe cha TV kapena cha dishi ndi cha 75 ohm, musachiike pa eriyo imodzi ngakhale chili chotchipa pa Bwalo la Njobvu. Musachipanikize ndi chitseko, ndipo chotsala musachikulunge kamkombero kothina, chipindeni motakasuka. Mathiraki ambiri akuluakulu ndi a 24V pomwe mawailesi ambiri ndi a 12V. Yang'anani musanalumikize, apo ayi mudzamva fungo.

Chinthu choyamba kugula pa ulendo wanu si eriyo ayi, ndi SWR meter. Ndi kabokosi kokhala ndi singano komwe kamaikidwa pakati pa wailesi ndi chingwe, ndipo kamaonetsa mphamvu yomwe ikubwerera mu wailesi m'malo motuluka. Imikani galimoto pabwalo, kutali ndi makoma ndi mathiraki ena, zitseko zitsekedwe, munthu asaime pafupi ndi eriyo. Yezani pa tchanelo 1, kenako pa 40. Singano ikakhala pa 1.5 kapena kutsika apo, zili bwino. Pa 2 mungayende koma konzani. Ikafika pa 3 musalankhulirepo, muotcha wailesi, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala pa bulaketi, pa pulagi kapena kawashala kaja. Nambala ya pa 40 ikaposa ya pa 1, eriyo yatalika, ifupikitseni. Ya pa 1 ikaposa ya pa 40, yafupika, italikitseni. Pali kasikuluwu kosinthira kunsonga kapena pa koyilo. Sunthani pang'onopang'ono, mamilimita atatu kapena asanu, n'kuyezanso. Kudula ndi sowo kukhale komaliza, mutatsimikiza kawiri.

Kasitomala muuzeni zoona pa za mtunda. Pamalo athyathyathya ngati njira ya ku Mchinji amvana ndi mnzake pa makilomita angapo, koma m'mapiri a Dedza kapena pa Chiweta mawu amatha msanga. Masiku ena adzamva anthu olankhula zilankhulo za kutsidya kwa nyanja, poti funde la 27 MHz nthawi zina limadumphira kutali. Asabwere kudzati wailesi yalodzedwa.

Loweruka m'mawa ndili ndi thiraki yoti ndiimange eriyo ku Kanengo. Bwerani ndi masipanala ndi sandipepa, mudzagwire mita nokha muone mmene singano imayendera.