Timafayilo ta mu /tmp tadzaza seva: ndingofufuta tonse?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti seva yawo ikukana kulemba chilichonse, ikungoti "No space left on device", chikhalirecho df -h, lamulo loonera malo a pa disiki, likuonetsa kuti malo alipo ambiri. Mu /tmp, foda ya mafayilo osakhalitsa, mwadzaza timafayilo tosiyidwa ndi ma script a cron (pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi zoikika), ndiye akufunsa ngati angofufuta tonse.

Musafulumire, bwana. Yambani mwalemba df -i. Ndikuganiza kuti chomwe chatha ndi ma inode, timalo tomwe disiki imasungamo mbiri ya fayilo iliyonse, ndipo df -i ikuonetsani otsala. Pa ext4, mtundu wa kasanjidwe ka mafayilo pa disiki, chiwerengero cha ma inode chimaikidwiratu pokonza disiki, ndipo fayilo iliyonse, ngakhale yopanda kanthu mkati, imadya inode imodzi. Script yoyenda mphindi 5 zilizonse imayenda ka 288 pa tsiku. Ikamasiya timafayilo titatu ulendo uliwonse, chaka chisanathe tapitirira 300,000.

Nthawi zambiri wolemba script amaika rm, lamulo lofufutira, pa mzere womaliza, poganiza kuti ntchito izifika kumeneko nthawi zonse. Koma netiweki ikaduka kapena lamulo lina likalephera pakati, script imafera panjira, zinyalala n'kutsala. Wopanga fayilo ndiye aziichotsa, ndipo malamulo ochotsera akhale kumayambiriro:

d=$(mktemp -d)
trap 'rm -rf "$d"' EXIT

Mzere woyamba ukupanga foda yosakhalitsa, wachiwiri ukuti ichotsedwe script ikamatuluka. Mu bash, trap imeneyi imagwira kaya script yatha bwino kaya yagwa. Musaiwale zizindikiro zozungulira $d. Yomwe siingagwire ndi kill -9 (kupha pulogalamu mokakamiza) kapena kuzima kwa magetsi, n'chifukwa chake pamafunikanso wosesa wachiwiri: find yokhala ndi -name wa mafayilo anu okha, -type f ndi -mtime +7 (mafayilo omwe sanasinthidwe kwa masiku opitirira 7). Iyendetseni kaye ndi -print muone zomwe yasankha, kenako muike -delete.

Za rm -rf /tmp/*, kufufuta zonse za mu /tmp, ndiye ayi. Mmenemo mumakhalanso ma socket (timafayilo tolumikizirana) a mapulogalamu omwe akugwira ntchito, monga tmux, ndipo mafayilo akachulukitsa shell imakana ndi "Argument list too long".

Ena amadalira systemd-tmpfiles, pulogalamu yosesa yokha, yomwe mwachizolowezi imachotsa za mu /tmp pakatha masiku 10 ndi za mu /var/tmp pakatha 30. Onani makonzedwe a seva yanu, chifukwa si onse amasiya choncho.

Mukafufuta koma malo osabwerera, lembani lsof +L1. Ikuonetsani pulogalamu yomwe ikugwirabe fayilo yofufutidwa, ndipo malowo amasuka mukaiyambitsanso.