Kwa achemwali a ku Kasungu ofuna masters yofufuza mankhwala

Achemwali, funso lanu ndaliona. Muli ndi digiri ya pharmacy, mukugwira ntchito kuno ku Kasungu, ndipo mtima uli pa masters yofufuza mankhwala atsopano kuchokera ku zitsamba zathu.

Musayambe n'kusaka sukulu. Yambani n'kusaka supervisor amene ali ndi labu yoti ikugwiradi ntchito komanso thumba la ndalama za kafukufuku. Pakapanda makina monga HPLC ndi NMR, mudzangoviika makungwa a muwawani mu methanol, n'kulemba kuti madzi ake apha tizilombo m'kambale, basi. Zimenezo anthu anachita kalekale. Ntchito yeniyeni ndi kupatula chinthu chimodzi chomwe chikuphacho, kudziwa mpangidwe wake, kenako kuona ngati sichiwononga chiwindi ndi impso. Artemether wa mu LA timapereka pawindo uja anachokera ku ntchito yotereyi: Tu Youyou wa ku China anapatula artemisinin m'chitsamba cha Artemisia annua, nalandira Nobel mu 2015. Choncho bwerezani organic chemistry mpaka ikhazikike m'mutu.

Ine ndingakulozereni ku H3D, ku University of Cape Town. Anaiyambitsa mu 2010 ndi Pulofesa Kelly Chibale, mnansi wathu wa ku Zambia, ndipo mankhwala awo a malungo, MMV048, anafika poyesedwa pa anthu. Werengani kaye zomwe alemba, kenako alembereni kalata yaifupi yonena funso limodzi lomwe mukufuna kuliyankha.

Koma kwathu kuno musakupeputse. Mphamvu yathu ili pa kafukufuku wa momwe mankhwala akugwirira ntchito mwa odwala, ndipo KUHeS ndi MLW ku Blantyre, komanso UNC Project ku Lilongwe, amachita zimenezi. Malawi anasiya chloroquine mu 1993 atasiya kuchiza, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre yemwe anatuluka mu 2006 anaonetsa kuti wayambanso kugwira. Nkhani imeneyi dziko lonse linaimva. Kugwirako ntchito m'gulu lotere kumalimbitsa kwambiri pempho la scholarship, kaya ya Commonwealth kaya ya DAAD.

Ngati mwatsimikizadi za zitsamba, chomera chilichonse chikazindikiridwe ku National Herbarium ku Zomba, chifukwa dzina limodzi la Chichewa limatha kuimira mitengo iwiri yosiyana. Chilolezo cha COMREC kapena NHSRC chikhalepo musanakhudze munthu aliyense.

Ndipo chonde, musasiye ntchito kalata ya scholarship isanafike m'manja. Za study leave kambiranani ndi abwana anu panopa, makalata ake amachedwa.